Katundu asatitsekereze kusamuka

 Ine ndine mlimi, mayi wa ana anayi. Sukulu ndinalekezera kalasi 5, choncho musayembekezere mawu a m'mabuku. Anzanga a kalabu yathu andituma kuti ndiyankhule za kusamuka, makamaka za katundu: chonyamula n'chiti, chosiya n'chiti, nanga chosiyacho timachisiya m'manja mwa yani.

Tonse pano tikudziwa mabanja amene anauzidwa kale kuti achoke m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, koma mpaka lero adakali pomwepo. Ukawafunsa, sakana kuti malowo ndi oopsa. Amangoti, "Nanga katundu yenseyu ndipita naye bwanji?" Ena amatchula munda, ndipo akunena zoona, ndifikako. Koma ambiri chimene chawamanga miyendo ndi nkhokwe, malata, mbuzi ndi mitsuko.

Ife a ku Milange sitifunika kuchita kuuzidwa za madzi. Akuluakulu akukumbukira Januwale wa 1998 pamene phiri la Tumbine linagumuka n'kukwirira anthu. Mu Januwale wa 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho ku Mocuba. Mu 2022 kunabwera Ana mu Januwale, Gombe mu Malichi. Kenako Freddy analowera cha ku Quelimane pa 11 Malichi 2023, mvula n'kugwa masiku otsatizana kuno ndi kutsidyaku ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene abale athu ambiri anatisiya. Usiku wotero munthu sasankha chonyamula, amasankha ndi madzi. Ndipo mudzi uliwonse uli ndi nkhani ya munthu amene anali atapulumuka kale, koma anabwerera kukamasula mbuzi kapena kukatenga thumba la chimanga.

Ndiye mawu anga ndi akuti katundu tizimusankha dzuwa likuwala. Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yake. Njira zauma, mitsinje yaphwa, njerwa zikuuma bwino, udzu wofolera ulipo, ndipo nandolo wakhwima woti n'kupezerapo ndalama ya misomali. Mvula ikangoyamba, aliyense ali kumunda ndipo palibe amene angakubwerekeni njinga.

Ife tinkakhala m'mbali mwa Ruo, cha ku Majaua. Freddy atapita, khoma limodzi la nyumba yathu linali pansi. Tinapempha malo kumtunda, ndipo tinasamuka mu Seputembala chaka chomwecho cha 2023. Ndi ulendo wa maola awiri pansi. Galimoto tinalibe, tinali ndi njinga ziwiri, imodzi yobwereka, ndi mitu yathu. Kumene tinkapitako kunali kachipinda kamodzi ndi lona. Tsono taganizani: katundu wa nyumba yanga, wa nyumba ya amayi anga, wa kukhitchini ndi wa m'khola, yense akalowe m'kachipinda kamodzi. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tsiku loyamba tinatulutsa zonse pabwalo. Bambo a kunyumba akagwira chinthu ankafunsa kuti, "Kodi ichi tinagula zingati?" Ine ndinati funso limenelo litichedwetsa, chifukwa chilichonse tinagula ndi thukuta. Tifunse kuti, kumene tikupitako tikachisowa chinthu ichi, tikachipeza bwanji? Ukafunsa motero, zinthu zimasintha malo. Wailesi yakufa imene inadya ndalama zambiri imatsika, kachigubu ka mbewu ya khobwe kamene sitinagule n'komwe kamakwera pamwamba.

Choyamba kunyamuka ndi chopepuka kuposa zonse: mapepala. BI, masedula a ana, khadi la voti, makadi a sikelo, khadi la kuchipatala la amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, ndi mapepala a sukulu. Ife tinaika m'jumbo, jumbolo m'jumbo lina, kenako m'chitini chotseka, ndipo chitinicho chinali ndi mwini wake mmodzi, ine. Sichinakwere njinga, chinayenda pamsana panga m'kapulana. Pepala likanyowa, kulipezanso ndi ulendo wa ku vila, ndalama ya shapa, ndi kudikira. Amene muli ndi ana a sukulu, kapempheni kalata yosamutsira mwana musanachoke. Amene mukumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kawauzeni a chipatala kuti mukusamuka, akulembereni kalata yokaonetsa kumene mukupitako. Mankhwala amenewa sadikira kuti mumalize kufolera nyumba.

Tsopano mbewu. Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene pali moyo wa chaka chamawa.

Chimanga chakudya ndi chimanga chambewu musachiike pamodzi. Pa nthawi yosamuka pakhomo pamadzaza anthu okuthandizani, onse ayenera kudya, ndipo amene akupita kuchigayo amangotapa thumba limene lili pafupi. Chambewu ife tinachisiya m'zitsononkho zake, ndi makoko ake, monga chinkakhalira pamwamba pa moto, ndipo titafika tinachipachikanso pa utsi tsiku lomwelo, nankafumbwe asanachipeze. Ndikunena chimanga chathu cha makolo. Cha hayibulidi chimene munakolola chaka chatha musavutike kuchisunga ngati mbewu, chimabwerera m'mbuyo, chimenecho ndi cha nsima. Khobwe, nandolo ndi nyemba tinaziyanika mpaka kulira pa dzino, n'kusakaniza ndi phulusa losefa, n'kuthira m'zigubu zouma zotseka bwino. Chigubu chili ndi ubwino wina: chikagwa pa njinga sichitayika, chikagwera m'madzi chimayandama.

Koma si mbewu iliyonse ya kumtsinje imene ikagwire ntchito kumtunda. Ine ndinali ndi mpunga wambewu wabwino ndithu, wonunkhira. Kumalo atsopanowo kulibe dambo. Ndikanaunyamula, bwenzi titangoudya. Ndinakapeza mayi wina amene amalima kudambo koma kwawo n'kumtunda, tinasinthana: iye mpunga, ine mapira ndi nzama. Musanasankhe mbewu, pitani kaye mukaone dothi la kumene mukupitako. Kalikumbeni ndi khasu, mufunse eni dera kuti kuno chimachita bwino n'chiyani. Iwo ndiwo akudziwa.

Chinangwa ndi mbatata zili ndi khalidwe lake. Mitengo ya chinangwa ukaidula mu Seputembala n'kuisiya padzuwa, pofika mvula yauma. Mbewu ya mbatata ndiye siichedwa n'komwe, masiku ochepa yafota. Zimenezi sitinazinyamule tsiku losamuka. Tinazisiya zili m'nthaka kumunda wakale, tinakazitenga mvula itagwa, lero kudula mawa kubzala. Chimodzimodzi ana a nthochi. Si zonse ziyenera kusamuka tsiku limodzi, zina zikhoza kukutsatirani.

Nyumba nayo ndi katundu. Malata, zitseko, mafelemu ndi mitengo ya denga imene ili yolimba, zimenezo nyamulani. Pochotsa malata musalole anyamata kungozula ndi mphamvu, mabowo a misomali amakula ndipo denga latsopano lidzadontha ngati lichero. Bambo a kunyumba analemba manambala ndi khala pa lata lililonse, kuti pokhoma mabowo akumanenso. Mtengo ukaugogoda n'kumatuluka fumbi, usiyeni, mukanyamula chiswe ndi mutu wanu kupita nacho kunyumba yatsopano. Udzu wakale ndi zidina, ayi. Njerwa zowotcha tinaziwerengera maulendo a njinga, tinapeza kuti kuumba zina kumtunda n'kwapafupi, ndiye tinazisiyira achimwene amene ali chapafupi, iwo anatipatsa masiku atatu otithandiza kuumba. Nkhokwe sitinanyamule. Tinatonola chimanga n'kuika m'matumba, chifukwa nkhokwe yakale ndi mudzi wa anankafumbwe.

Za zovala sindinena zambiri. Zimene ana anakula nazo zinapita kwa ana a asisi, zong'ambika zinakhala nkhata zosenzera. Koma masikito a udzudzu, ngakhale lobooka, lisokeni mupite nalo. Ndowa yokhala ndi chivundikiro musaisiye, ndi kabotolo ka Certeza. Kumalo atsopano anthu amakhala mothithikana, zimbudzi zisanakumbidwe, ndipo mukukumbukira mmene kolera inavutira m'chigawo chathu cha Zambezia mu 2023. Ife chimbudzi tinakumba tisanasamutse ngakhale mphasa.

Ziweto ndiye zinativuta mtima. Tinali ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri. Kumtsinje zinkadya momasuka, koma kumtunda mapuloti ndi oyandikana, mbuzi ikangoduka chingwe ili kale m'ndiwo za eni. Munthu wachilendo kuyamba ndi mlandu wa mbuzi si bwino. Tinatenga ziwiri zazikazi, ziwiri tinagulitsa, zitatu tinakasungitsa kwa amalume, pa pangano loti ana akabadwa tizigawana. Nkhuku tinachepetsa, chifukwa miyezi yotentha imeneyi ndi ya chitopa, ndipo kusakaniza nkhuku za midzi yosiyana n'kuitana matenda. Zimene mukufuna kupita nazo zilandire katemera wa m'diso uja musananyamuke. Zina tinaphera anthu amene ankatisenzera katundu, zinagwira ntchito yabwino. Nkhunda, aaa, nkhunda sizimva za kusamuka. Mnzathu wina anazitsekulira tsiku lachiwiri, madzulo zonse zinali zitabwerera pa bwinja. Zitsekereni masabata angapo, zizolowere kudyera pamalopo.

Pa zogulitsa ndikuchenjezeni. Ogula akamva kuti mukusamuka mawa, mtengo amatchula okha. Amadziwa kuti mbuziyo simugona nayo panjira. Yambani kugulitsa mwezi wathunthu kapena iwiri isanafike nthawi, chimodzichimodzi, pa tsiku la msika, osalengeza kuti muli pa changu. Ndiponso ife a m'malire timagwira ndalama ziwiri, metikali ndi kwacha, chifukwa malonda athu ambiri amaolokera pa Muloza. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Alipo anzathu amene anagulitsa mbuzi mu Okutobala n'kusunga makwacha kuti adzagule malata, pokagula anapeza ndalama ya malata khumi sikukwananso. Mukagulitsa chinthu chifukwa cha nyumba, ndalamayo isagone. Isandutseni misomali, lata kapena simenti sabata yomweyo.

Tsono pali katundu wina amene funso langa lija silimugwira. Ndi katundu wa akuluakulu.

Amayi anga anasamukapo kawiri ine ndisanadziwe kanthu. Mu 1986 nkhondo itafika ku Milange anathawira ku Mulanje ndi mwana kumsana ndi kamtolo kumutu, basi. Ine ndinabadwira komweko kumsasa mu 1990. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anadikirabe kuti aone ngati ndi zoona, tinabwerera mu 1994. Munthu amene anasiyapo zonse kamodzi, satayanso kanthu. M'nyumba mwawo munali zitini zopanda kanthu, nsapato ya phazi limodzi, mitsuko yong'aluka, mphero imene palibe anaperapo chibwerere chigayo. M'kachitini kena tinapezamo ndalama zakale za metikali, zija za maziro ambiri. Ana anga anakuwa kuti agogo ndi olemera. Koma ndalama zimenezo zinasinthidwa pa 1 Julaye 2006, pamene 1,000 yakale inasanduka metikali imodzi, ndipo nthawi yokasinthitsa ku banki inatha mu 2012. Amayi anaziyang'ana, anaseka, n'kuwapatsa adzukulu kuti azisewerera sitolo.

Anzanga achitsikana ndi achinyamata, mawu oti "zinyalala" musawatchule pa katundu wa mayi anu kapena apongozi anu. Mukatero akhala pansi, ndipo simusamuka chaka chimenecho. Ine ndinawayalira mphasa pamthunzi, ndinkabweretsa chinthu chimodzichimodzi, iwo n'kumandiuza kumene chinachokera. Zinatenga masiku awiri, pamene katundu wa nyumba yanga yense anatenga tsiku limodzi. Koma chinthu akachifotokoza mbiri yake, ambiri ankachimasula okha: "Ichi kampatse uje." Pomaliza anasankha zitatu. Poto wa aluminiyamu amene analandira kumsasa, wophwanyika m'mbali koma sadontha. Khadi lawo lolandirira chakudya la nthawi imeneyo, limene linalowa m'chitini cha mapepala pamodzi ndi ma BI. Ndi mtondo umene anawasemera malemu bambo anga. Mtondowo ndi wolemera, bambo a kunyumba anauyang'ana kawiri, koma sananene kanthu. Unatenga ulendo wakewake wa njinga.

Mphero anakana kuti ipite kwa munthu, anakananso kuti isamuke. Anati tiigubuduzire patsinde pa mango amene ali m'malire a munda wathu, ikhale pomwepo. Anati, "Aliyense m'mudzi muno akuidziwa mphero imeneyi kuti ndi ya amayi anga. Wofuna kulima pano adzayambe waifunsa." Ili pomwepo mpaka lero.

Zimenezi zandifikitsa pa nkhani ya kupatsa. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo ine ndaziona. Mono ndi ukonde tinapatsa mnyamata wina amene amapha nsomba mu Ruo, ndipo sipatha mwezi osatitumizira kansomba. Mitsuko iwiri ikuluikulu inapita kwa mayi amene amaphika thobwa la pa maliro ndi pa maukwati, ndipo ife tikakhala ndi zochitika timakabwereka popanda manyazi. Koma pali mawu atatu amene tisamawasokoneze: kupatsa, kubwereketsa ndi kusungitsa. Pa tsiku losamuka anthu amakhala ndi chisoni, wina amangoti, "Tengani, achemwali." Patapita chaka, mmodzi akuti ndinakusungitsani, wina akuti munandipatsa, chibale chatha chifukwa cha bedi. Tchulani mawu ake momveka, pakhale mboni, ndipo mwana wa sukulu alembe m'kope: chinthu, dzina, ndi mawu amene mwagwirizana. Ife kope limenelo lili m'chitini chija.

Ndiponso musagawe chimene si chanu. Kuno kwathu ambiri abambo ali pa chikamwini, ndipo pakhomo pamakhala zinthu za mbumba: mphika waukulu wa pa maliro, nkhwangwa ya agogo, mitengo ya mango. Zimenezo afunseni eni mbumba. Zobwereka bwezani musanachoke, khasu la eni, sefa ya eni. Ngongole ya ku gulu losunga ndalama kambiranani poyera kuti muzidzapereka bwanji. Munthu wochoka usiku ndi sefa ya mnzake, mbiri yake imakafika kumalo atsopano iye asanafike.

Munda sunyamulika, ndipo ine sindikuuza munthu kuti autaye. Ife timagona kumtunda koma dimba lathu la kumtsinje timalimabe m'chilimwe, chimanga chachiwisi, matimati ndi mpiru. N'chifukwa chake khasu limodzi ndi kheni yothirira tinazisungitsa kufupi ndi dimbalo m'malo mozisenza tsiku ndi tsiku. Lamulo la malo la 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, koma munthu amene analandira malo mwa mwambo wa kwawo, kapena walimapo mwachilungamo zaka 10, ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale alibe pepala la DUAT, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi umawerengedwa. Ndiye musachoke mwakachetechete. Ife tinaitana amfumu, amalume ndi oyandikana nawo munda mbali zonse, tinayenda m'malire onse, tinanena pamaso pawo kuti tasamutsa nyumba, munda sitinausiye. Ngati mukubwereketsa munda kwa wina, zinenedwe pomwepo kuti ndi zaka zingati, ndipo mango ndi nthochi adzathyola ndani.

Kumanda tinapitako m'mawa wa tsiku lomaliza, amalume ali patsogolo. Tinalambula, tinatsazika. Amayi anawauza bambo anga kumene tikupita ndi njira yake, ngati mmene umamuuzira munthu amene adzabwera m'mbuyo. Chaka chilichonse timabwerako kukalambula pamodzi ndi anzathu amene anatsala.

Katundu yense amene tinasankha anatenga maulendo 14 a njinga ndi masiku anayi. Akanakhala masiku awiri tikanakhala ndi njinga zinayi. Apa ndiye pali pempho langa kwa a wapampando ndi makalabu onse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo posamuka dengalo timalisenzadi. M'kalabu iliyonse tilembe mabanja amene akufuna kuchoka kumtsinje chaka chino mvula isanagwe, tiyambe ndi agogo okhala okha ndi amayi amene alibe wowathandiza. Tilembenso amene ali ndi njinga kapena ngolo, ndi tsiku limene angathe kuipereka. Tipemphe a wailesi yathu ya Thumbine kuti pa pologalamu ya alimi azitipatsa mphindi zochepa zolengeza zosinthana, kuti amene ali ndi mpunga wambewu ndipo akufuna mapira amve za mnzake, amene akusiya njerwa apeze wozifuna. Njinga ya kwathu ilipo Lachiwiri ndi Lachisanu, kupatula sabata yokolola nandolo. A mlembi, yambani ndi dzina langa, ena alembetse tikamatuluka.